Chotupa cha pa Tayala la Kutsogolo

Achimwene anga anabwerera kumudzi atakhala ku Joni zaka zoposa makumi atatu. Anzawo ochokera kumeneko amabwera ndi malata, mafiriji, njinga, ena mkazi ndi ana. Iwo anabwera okha, atawonda, akutsokomola, ndi galimoto imene m'mudzi mwathu, kufupi ndi pomwe mtsinje wa Bua umathira m'nyanja, munthu anali asanaionepo. Inali yoyera koma utoto utasuluka, yaitali kuposa minibasi, ndipo m'kati mwake munali bedi, kathebulo, mbaula ya gasi ndi kachimbudzi. Anthu anaitcha nyumba yoyenda. Sabata yoyamba pakhomo panga sipankatha anthu, aliyense kufuna kusuzumira pazenera.

Ine nthawi imeneyo amuna anga anali atamwalira, ana anga atakula n'kupita m'tauni. Ndinkakhala ndekha, kulima mpunga kudambo ndi chinangwa kumtunda. Ndinawakonzera achimwene chipinda, koma anakana. Anaimika galimoto yawo pambali pa nyumba nanena kuti azigona momwemo.

"Sindinabwere kudzakhala, adumbu," anatero. Ankanditchula choncho, monga amatchulirana kwathu kumpoto. "Ndingopumako pang'ono. Ulendo wanga ndi wa ku Chilumba."

Makolo athu anachokera ku Chilumba. Bambo anabwera kuno chifukwa cha usodzi, ndipo manda awo ali konkuno. Mayi atakalamba anabwerera kwawo, n'kukamwalira komweko achimwene ali ku Joni. Uthenga unawapeza, koma sanabwere. Chifukwa chake sanandiuzepo, ndipo ine sindinafunse. Ndinangoona kuti nkhaniyo inkawadya. Ankafuna kukaima pamanda a mayi, ndipo ankafuna kukafika ndi galimoto yawoyo, akuyendetsa okha, kuti abale aone kuti zaka zonsezo sanangokhala.

Anafika mvula ili pakati, msewu wochoka kwathu kukalowa mu tala uli matope okhaokha. Anati tidikire kuume. Kutauma, chifuwa chinawagwetsa, anakagona kuchipatala milungu ingapo. Anali atagwira ntchito m'migodi asanakhale dalaivala, ndipo fumbi la pansipo linali litawadya mapapo. Atatuluka, ine ndinali pakati pokolola, ndiye anati sangapite popanda ine. Kenako mvula inabweranso. Choncho galimoto ija inaima pamalo amodzi chaka ndi miyezi, padzuwa, udzu n'kumera pansi pake.

Koma sankailola kuti ife. Masiku angapo alionse ankaliza injini kuti batire isathe. Ndipo Loweruka lililonse m'mamawa, dzuwa lisanatenthe, ankatulutsa kabokosi kathabwa komwe ankasungamo zida za matayala. M'menemo munali geji yoyezera mpweya, yozungulira ngati wotchi yam'manja, yokhala ndi kamuvi. Munali pampu yoponda ndi phazi, kakiyi komangira valavu, ndi kamakina kopopera kolumikiza ku batire. Zonse zokulungidwa m'nsanza zamafuta, chilichonse pamalo pake. Matayala anali asanu ndi limodzi, awiri kutsogolo, anayi kumbuyo ogundana awiriawiri. Ankagwada pa lililonse, kuchotsa kachivundikiro ka valavu, kukanikiza geji, mpweya n'kuti fyii pang'ono, iwo n'kuyang'anitsitsa kamuvi.

"Tayala umaliyeza lisanayende, likadali lozizira," ankatero, ngakhale panalibe wowafunsa. "Likatentha limanama."

Ine ndinkaseka. "Achimwene, galimoto yosayenda mukuipoperanji?"

"Ikakhala pansi ndiye kuti sidzadzukanso."

Kamakina ka batire kaja kanapsa tsiku lina, kanangotulutsa utsi n'kukhala chete. Kuyambira pamenepo panatsala pampu ya phazi. Poyamba ankaponda okha, kuponda kakhumi n'kuima, atagwira chitseko, akupuma ngati munthu wothamangitsidwa. Loweruka lina anaponda kasanu n'kukhala pansi pafumbi. Anatsokomola nthawi yaitali, ndipo atalavula ndinaona magazi. Ndinaika pansi lichero limene ndinali nalo, n'kukwinya chitenje, n'kuponda pampu ija. Sitinakambirane. Kuchokera tsiku limenelo ntchitoyo inakhala yanga.

Anandiphunzitsa zonse. Analemba kamzere ka utoto wofiira pagalasi la geji kuti ndizidziwa pomwe kamuvi kayenera kufika. Anandionetsa kulowetsa dzanja pakati pa matayala a kumbuyo kuti ndipeze valavu ya tayala lam'kati. Anandionetsa kudontheza malovu pakamwa pa valavu, kuti akachita thovu ndidziwe kuti ikutaya. Tayala la galimoto yolemera choncho silidzaza msanga. Ndinkaponda mpaka chiuno kuwawa, kusintha mwendo, kupondanso, iwo ali pampando wandalema akuwerenga mokweza. Anandiuzanso kuti maso ndi manja ndi zida zoposa geji.

"Uzilisisita tayala ngati ukusambitsa mwana. Timing'alu ting'onoting'ono n'ukalamba chabe. Koma ukadzapeza chotupa m'mbali, dziwa kuti m'kati nsambo zaduka. Tayala limenelo lafa. Usadzakwere."

Mawu amenewa anandiuza kangapo. Sindinganene kuti sindinkadziwa.

Mvula yachiwiri itatha, miyendo yawo inayamba kutupa. Ndinapita nawo kuchipatala pa njinga yamoto, ine kumbuyo nditawagwira. Atawayeza, dokotala anandiitanira pakhonde nandiuza kuti mtima watopa chifukwa cha mapapo aja, ndipo panalibenso zambiri zoti achite. "Mayi, ngati pali chimene akufuna, achitireni tsopano," anatero. Pobwerera achimwene sanandifunse zimene ndinauzidwa. Tikufika pakhomo anangoti, "Tinyamuka Lachiwiri."

Ndinawapempha kuti tikwere basi, kapena tipeze dalaivala. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati anaiyendetsa okha kuchoka ku Joni, kudutsa ku Tete, ndiye ku Chilumba n'chiyani? Ndinasiya.

Lachiwiri ndinadzuka kutacha kumene. Ndinalongedza mpunga thumba limodzi, ufa wa kondowole, nsomba zouma zokapatsa abale. Achimwene anasamba, anavala jekete yakuda ndi nsapato zimene sanathe kumanga zingwe chifukwa cha kutupa kwa mapazi. Anakwera pampando wa dalaivala kuti apumire pomwepo, nandiuza kuti ndiyeze matayala komaliza.

Ndinayamba ndi a kumbuyo. Onse anali bwino, limodzi lokha ndinawonjezera pang'ono. Ndinamalizira la kutsogolo kumanzere. Kamuvi kanafika pa kamzere kofiira ndendende. Pobwezeretsa kachivundikiro ka valavu, kanandipulumuka n'kugubudukira pansi pa galimoto. Ndinagona chamimba kukafuna. Nditakapeza, ndinatembenuza mutu, ndipo m'pamene ndinachiona. Kumbali yam'kati ya tayalalo, kumene munthu woima sangaone, kunali chotupa chachikulu ngati dzira la bakha. Ndinachigwira. Chinali cholimba, chosalala, ndipo timing'alu tinali titayasamula mozungulira.

Ndinakhala pansipo kanthawi, tsaya lili pafumbi. Tayala lapadera kunalibe, linaphulika ali m'njira yochokera ku Joni ndipo chimene chinatsala chinali nsanza. Matayala a mtundu umenewo paboma sankapezeka, achimwene anali atafunsapo kale. Kunali koitanitsa ku Lilongwe, n'kudikira mwina milungu iwiri, mwina mwezi. Ndinaganiza za mawu a dokotala. Ndinaganizanso kuti tayalali laima ndi chotupachi mwina miyezi yambiri osaphulika, ndipo achimwene sathamanga. Ndinadziuza kuti Mulungu atiperekeza.

"Kuli bwanji kumeneko, adumbu?" anafunsa ali pazenera.

"Kuli bwino, achimwene. Kachivundikiro kanagwa."

"Tiyeni ndiye, dzuwa lingatitenthere."

Ndinasasa fumbi pachitenje, ndinabweza zida m'kabokosi, n'kukwera.

Anthu a m'mudzi anatuluka kudzaona nyumba yoyenda ikuyendadi. Achimwene ankaimba hutala, akukweza dzanja. Kuyambira pamene anabwera sindinawaonepo akusangalala choncho. Titalowa mu tala n'kuloza kumpoto, anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi ya m'Chitumbuka imene mayi ankaikonda, mpweya n'kumawathera pakati pa mzere. Ine sindinaimbe nawo. Tayala lija linali pansi pa mapazi anga enieni, ndipo galimoto ikagwera m'dzenje ndinkagwira mpando.

Msewu umenewo nthawi imeneyo unali wopapatiza, m'mbali mwake mutadyeka. Tinayenda mwina theka la ola. Tisanafike pa Dwangwa pali malo otsetsereka pang'ono, ndipo galimoto inawonjezera liwiro yokha. Kutsogolo kwathu, kumanzere, kunali bambo wina akupalasa njinga atamanga matumba awiri a mpunga. Anavala kofia yoyera ndi malaya abuluu. Achimwene analiza hutala, bamboyo n'kupatukira kumphepete monga amachitira onse apanjinga.

Kuphulikako kunamveka ngati mfuti. Mbali yanga inagwa pansi, galimoto n'kukhotera kumanzere. Ndinaona achimwene akulimbana ndi chiwongolero, atatsegula pakamwa. Ndinaona msana wa malaya abuluu uja ukubwera pagalasi. Kenako phokoso, mpunga kuwazika ponseponse, ndipo tinakaima m'ngalande titapendekeka.

Ine ndinangong'ambika pamphumi. Achimwene anamenyetsa chifuwa pachiwongolero koma anali moyo. Ndinatulukira pazenera. Bambo uja anali chagada m'udzu, mwendo umodzi utapindikira kumene mwendo supindikira, magazi akutuluka m'khutu. Maso anali otsegula. Ndinagwada pambali pake, ndinavula mpango n'kuika pansi pa mutu wake. Milomo yake inkayenda. Ndinayandikiza khutu, ndinamva akutchula dzina la Allah, mobwerezabwereza, motsitsa. Anali munthu wa zaka ngati za mwana wanga woyamba.

Anthu anathamangira kuchokera m'minda ndi m'nyumba za m'mbali mwa msewu. Ena anamuzindikira, akazi n'kuyamba kulira. Amuna ena anakoka achimwene kuwatulutsa m'galimoto, wina atatola mwala. Mkulu wina wandevu zoyera, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi shehe wa pamzikiti wapafupi, anaima pakati.

"Taonani munthuyu," anatero. "Mukufuna kumenya mtembo? Imitsani galimoto titengere wovulalayu kuchipatala."

Anaimitsa kalole kena, anamukweza. Anamwalira asanafike.

Apolisi anabwera, anayeza msewu, anayang'ana tayala lophulikalo. Linali litang'ambika mbali yonse, moti chotupa chija sichikanaonekanso. Wapolisi wina anandifunsa ngati matayala tinkawayang'ana. Achimwene anayankha ndi mawu otsika kuti sabata iliyonse, ndipo m'mawa womwewo mlongo wawo anayeza onse. Anapempha kuti atsegule kabokosi kaja aone zida. Wapolisiyo anatulutsa geji, anaitembenuza, anaibwezera, n'kulemba m'buku lake. Kwa ine sanafunsenso kanthu, ndipo ine sindinawonjezere kanthu.

Achimwene anawatengera kupolisi, koma ataona mmene ankapumira anawapititsa kuchipatala tsiku lomwelo. Anauzidwa kuti mlandu udzalowa m'khoti akadzapeza bwino. Galimoto anaikoka n'kukaiimika kuseri kwa polisi.

Maliro a bambo uja anaikidwa mawa lake, monga amachitira Asilamu. Ndinapita ndi mayi wina wa mvano wa kutchalitchi kwathu. Tinakhala kumapeto kwa mphasa pakati pa akazi. Ndinamva kunong'onezana, ndinaona mitu ikutembenuka, koma palibe anandithamangitsa. Amuna atanyamula jeneza, chithatha cha maliro, kupita kumanda, akazi tinatsala, ndipo m'pamene ndinamuona mkazi wake bwinobwino. Anali wamng'ono thupi, atafunda nsalu mpaka kumaso, mwana wakhanda ali pamiyendo. Sankalira mokweza. Anandiuza wina kuti ana ndi anayi, ndi kuti mpunga uja bamboyo ankapita nawo kuchigayo.

Patapita sabata achimwene anatulutsidwa m'chipatala. Tsopano analowa m'chipinda chija anachikana poyamba. Sankathanso kugona chagada, ndinkawatsamiritsa kukhoma ndi mapilo. Za ku Chilumba sanatchulenso. Ankangokhala akuyang'ana manja awo.

"Kale tayala la kutsogolo linandiphulikirapo ndili ndi lole yodzaza," anandiuza masana ena ndikuwamwetsa phala. "Ndinaigwira. Sinapatuke ngakhale pang'ono. Manja awa ndi amene apha mwana wa eni ake. Munandiuza kuti tipeze dalaivala, ine kukana."

Anabwereza zimenezi tsiku ndi tsiku. Kwa aliyense wobwera kudzawazonda ankanena zomwezo, kuti mlongo wawo anachita mbali yake, wolakwa ndi iwo. Abusa atabwera kudzapemphera anawauzanso chimodzimodzi. Ine ndinkatuluka kukaima kuseri kwa nyumba. Chakudya sichinkandilowanso. Kumunda ndinkapita, koma ndinkangopezeka ndakhala pamzere khasu lili pambali.

Ndinawauza tsiku lina m'mawa, nditangomaliza kuwapukuta thupi. Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi, beseni lili pamiyendo.

"Achimwene, tayala lija linali ndi chotupa."

Anatembenuza mutu kundiyang'ana.

"Kumbali yam'kati. Ndinachiona tsiku lomwe tinanyamuka, pamene ndinalowa pansi kufuna kachivundikiro. Ndinachigwira ndi dzanja langa. Munandifunsa, ine ndinati kuli bwino."

"Chachikulu bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi zala.

Anatseka maso. Ndinkamva mpweya ukulira m'chifuwa mwawo. Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo ndinkafuna kuti atero. Patapita nthawi anati ndiwatsegulire zenera. Ndinatsegula. Anati ndituluke.

Masiku awiri sanandilankhule. Ndikabweretsa phala ankamwa, ndikawatembenuza ankalola, koma maso ankayang'ana kukhoma. Tsiku lachitatu, ndikusesa m'chipindamo, anandiitana.

"Adumbu."

"Wawa."

"Mukanandiuza, mukuganiza kuti ndikanatani?"

"Mukanati tidikire tayala lina."

"Kaya," anatero. Anapuma kangapo. "Mwina ndikanalisinthanitsa ndi limodzi la kumbuyo. Kumbuyo ali awiriawiri, likaphulika limodzi linzake limagwira. Ntchito ya ola limodzi."

Zimenezo sindinaziganizepo.

"Mwinanso ndikanati tiyeni choncho," anapitiriza. "Ndinali ndi phuma tsiku lija. Sindikudziwa. Ndakhala ndikudzifunsa masiku awiriwa, sindikupeza yankho." Anatsokomola, ndinawapatsa kachitini kolavuliramo. "Kukhoti musakanene. Wopita ndine. Inu muli ndi zidzukulu."

Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe. Kwa alendo anasiya kukamba za manja awo. Kukhotiko sanafikeko. Anamwalira patapita milungu itatu, masana, ine ndili pachitsime. Ndinapeza atatsamira kukhoma monga ndinawasiyira. Abale a ku Chilumba anabwera atatu. Panali mawu akuti tinyamule thupi likagone pafupi ndi mayi, koma sizinatheke. Tinawaika konkuno, pafupi ndi bambo.

Apolisi ananditumizira uthenga kuti mlandu watsekedwa ndipo ndikatenge galimoto. Ndinapita, ndinachotsamo zovala ndi zithunzi zawo, ndinasayina kuti yotsalayo aigulitse kwa ogula zitsulo, zimene zipezekepo zipite kwa ana a bambo wa njinga uja.

Nditamva kuti kubanja kuja kuli sadaka ya masiku makumi anayi, ndinapuntha mpunga wanga, ndinadzaza thumba, n'kukwera minibasi ndekha. Ndinafika anthu atadya kale, ambiri atabalalika. Apongozi ake a mayi wamasiye uja anandilandira pakhonde, anathokoza mpungawo, anandipepesanso za achimwene, poti anali atamva. Kenako anandilowetsa m'nyumba momwe mkamwana wawo ankakhala, chifukwa masiku ake okhala m'nyumba polira mwamuna anali asanathe.

Anali pamkeka akuyamwitsa. Tinapatsana moni. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, koma nditakhala pansi anabalalika.

"Mwanawe," ndinayamba, "pali chimene anthu sakudziwa pa ngozi ija. Tsiku limene lija, tisananyamuke, ine ndi amene ndinayang'ana matayala. Ndinaona kuti limodzi silili bwino. Sindinanene."

Anandiyang'ana. Nkhope yake sinasinthe. Anachotsa mwana kubere lina n'kumuika ku linzake.

"Mwandiuziranji?" anafunsa.

Ndisanatsegule pakamwa anapitiriza.

"Mukufuna ndikauze apolisi? Kapena alamu anga? Ali panjapo atatu. Mukudziwa chimene angakuchiteni?"

"Chimene mungachite, chitani."

"Ine ndichite chiyani, mayi? Ndili ndi ana anayi. Wamkulu wasiya kulankhula kuchokera tsiku lija. Anthu onse andiuza kuti inali ngozi, linali tsiku lake lolembedwa, ndipo ndinayamba kuzolowera choncho. Tsopano mwabwera kudzanditula katundu wanu." Mawu ake sanakwere, ankaopa kuti a panja angamve. "Zimenezi mukanakauza Mulungu wanu."

Ndinati pepani. Anapukusa mutu.

"Apongozi anga musawauze. Mtima wawo ndi wofooka. Mpunga mwabweretsawo tidya, chifukwa ana alibe chakudya. Koma musadzabwerenso."

Ndinadzuka. Pakhonde apongozi aja anandigwira dzanja ndi manja awo awiri, nandiuza kuti ndine munthu wa umunthu, anthu ena sakanabwera n'komwe. Anauza mwana wawo wina kuti andiperekeze kumsewu, ndipo anandinyamulira thumba lopanda kanthu lija mpaka pasiteji, akundifunsa za mmene mpunga wachitira kwathu ku Bua chaka chimenecho. Ndinamuyankha kuti wachita bwino kudambo la kumunsi, koma la kumtunda mbalame zinaononga.

Chaka chilichonse ndikakolola ndimatumiza thumba kudzera kwa mayi wina wogulitsa nsomba amene amadutsa kumeneko. Mayi wamasiye uja salibweza, ndipo sanatumizepo mawu. Ana anga mpaka lero amadziwa kuti amalume awo anachita ngozi chifukwa anali odwala.